Mbiri ya Aphunzitsi Blasius Likhutcha ndi Msomali Wawo

Malemu amene tikuwaika m'manda lero ndi a Blasius Likhutcha. Anabadwa m'chaka cha 1957 kuno kwa Kalembo, m'boma la Balaka, ndipo anali achiwiri m'banja la ana asanu.

Pulayimale anaphunzira konkuno, sekondale ku Zomba, kenako anakachita maphunziro a uphunzitsi.

Mu 1984 anakwatira mayi Asiya, Abiti Zubairu, Msilamu wa ku Machinga, kutsidya kwa Shire. Ukwatiwu unalibe ankhoswe. Akuchimuna anati sangakaimire ukwati wa kumzikiti. Akuchikazi anati mwana wawo sangamupereke kwa munthu wa kolona. Poti panalibe mudzi wowalandira, awiriwo anakamanga ku Liwonde, pafupi ndi mlatho.

Anaphunzitsa masamu m'masekondale a ku Balaka ndi ku Machinga kuyambira 1981 mpaka kupuma mu 2017. Amene anadutsa m'manja mwawo amawakumbukira ndi msomali umene sunkachoka m'thumba la malaya. Pophunzitsa mizere imene pa masamu amati odi fankishoni, ankajambula mzere wokhota papepala, kulikhoma pabolodi ndi msomaliwo pakati penipeni, n'kulizunguza mpaka kumwamba kupite pansi. Mzere unkaonekabe chimodzimodzi. Ankafotokoza kuti mzere wotere ukakwera masitepe asanu ndi atatu kumanja kwa msomali, kumanzere umatsika masitepe asanu ndi atatu omwewo, ndipo pamsomali penipeni pamakhala ziro. Aphunzitsi anzawo ankawaseka kuti phunziro limeneli sanalitenge m'buku, analitenga kwa abale awo ndi apongozi awo: chimene a ku Balaka akweza, a ku Machinga atsitsa, muyezo womwewo. Malemu ankangomwetulira n'kubweza msomali m'thumba.

Anali Mkatolika mpaka tsiku lomaliza. Poti abale anakana kuimira, ukwati wawo sunadalitsidwe kutchalitchi, ndipo kwa zaka makumi anayi ankakhala pabenchi yakumbuyo, kuonerera anzawo akulandira Ukaristia. Malaya amene ankavala ku Misa ankasita ndi mayi Asiya. M'mwezi wa Ramadani, malemu sankakhudza chakudya chamadzulo mpaka akazi awo atamasula kusala kudya kwawo.

Mu 2022 anafa ziwalo mbali yakumanja. Kwa zaka ziwiri mayi Asiya ndiwo ankawasambitsa, kuwatembenuza pamphasa ndi kuwadyetsa phala ndi supuni. Kuchokera kuno kukafika ku Liwonde minibasi sitha ola limodzi, kuchokera kwawo kwa mayiwo n'chimodzimodzi, koma palibe amene anaponda pakhomopo kudzazonda. Pamenepo pokha mbali ziwiri zija zinagwirizana. Malemu anatisiya Lachiwiri masana kunyumba kwawo, ali ndi zaka 67. Lachitatu m'mawa abale a malemu anali atafika kale, akunena kuti mtembo ndi wa kwa amayi ake. Galimoto imene inasowa zaka ziwiri inapezeka tsiku limodzi.

Wolemba mbiri ino, mphunzitsi mnzawo, anauzidwa dzulo kuti pamndandanda wa otsala asatchule mayi Asiya, pakuti ukwati wopanda ankhoswe ndi chibwenzi chabe. N'zopweteka ndiponso n'zochititsa manyazi. Amene anakana unkhoswe ndi omwewo akuti unkhoswe panalibe. M'nyumba ya siwa mayiwa sanaloledwe kulowa, ndipo pano akhala pansi pa mtengo wa mango, kunja kwa manda. A ku Machinga nawonso asasangalale. Tikazunguza pepala monga ankachitira malemu, akanatsogola mayi Asiya, bwenzi a Likhutcha ali pansi pa mtengo kutsidyako, dzina lawo litafufutidwa.

Malemu asiya akazi awo, mayi Asiya Likhutcha, amene anakhala nawo zaka makumi anayi, amenenso anawatseka maso. Asiya ana awiri, Martina ndi Hassani, ndi zidzukulu zisanu. Asiyanso alongo awo, a Anastasia, ndi ang'ono awo, a Elliam, amene lero aona nkhope ya malemu koyamba chiyambire 1984.

Apumule mu mtendere.