Bwana Anandiuza Pakamwa

Omvera anzanga, ine ndimayang'anira makompyuta pa kampani ina yonyamula katundu ku Chileka. Akuluakulu a kampani atatiuza kuti tisankhe pulogalamu yolembamo madandaulo ndi zosintha zonse, amene ndinakana ndine. Ndinkati kuuza munthu wamkulu kuti alembe kaye n'chipongwe.

Lachisanu lina bwana anandiimitsa pakhonde. "Achimwene, mufufute mafayilo akale aja, akudzaza seva."

Ndinafufuta mafayilowo m'sevamo, kompyuta yaikulu yosungira zonse za kampani. Lolemba kunapezeka kuti munali zikalata za katundu wodikira ndege. Atandiitana, bwana anandiyang'ana m'maso. "Ine ndinakuuzani liti?"

Umboni ndilibe. Mawa ndikukaonekera ku komiti yoweruza milandu ya antchito, ndipo kunyumba ku Lirangwe mayi a ana sindinawauzebe.

Anzanga a makompyuta, musakane pulogalamu imeneyi. Ulemu wanga uja sukandiyankhulira mawa.