Kudzidzimuka kumene kunandithawitsa pa maliro a anzanga

Abale ndi alongo anga, a kuno ku Indiana ndi inu amene mukuwerenga muli kumudzi, landirani moni wanga. Ndine Esinati, kwathu ndi ku Ntcheu, ndipo ndimakhala ku South Bend komwe ndimagwira ntchito yosamalira okalamba. Vuto limene ndikufuna kukuuzani ena mukalimva museka, chifukwa silitulutsa magazi ndipo silioneka pankhope. Thupi langa linkadzidzimuka lokha nthawi iliyonse imene ndayamba kugona. Kanthu kameneka kanandilanda tulo, kenako kanatsala pang'ono kundilanda anthu onse amene ndinali nawo m'dziko lino.

Zinayamba nditalowa mashifiti a usiku. Ndinkaweruka m'mawa, kufika kunyumba, kutseka makatani, n'kudziponya pabedi nditatheratu. Tulo tikangoti tandiba, mwendo unkaponya wokha ngati ndaphonya sitepe potsika. Nthawi zina unali mkono, nthawi zina thupi lonse linkachita kunyamuka. Ndinkadzuka mtima ukugunda kukhosi, n'kuyesanso, n'kudzidzimukanso, mpaka dzuwa kupendeka ndisanagone tulo tooneka. Kuntchito ndinkapirira ndi khofi, kapu ina pamwamba pa inzake, ndipo bedi langa lomwe ndinayamba kuliopa.

Chimene chinkandiopsa kwenikweni sichinali kusowa tuloko. Kwathu tinali ndi msuweni wanga, Yohane, amene ankagwa khunyu. Yohane anali ndi mbale yake ndi kapu yake, ndipo palibe amene ankazikhudza. Akagwa, ife ana tinkauzidwa kuti tithawire kutali kuti tingatengere. Anakula choncho, akudya yekha kuseri kwa nyumba, mpaka anamwalira asanakwatire. Choncho mwendo wanga ukaponya, ine ndinkaona mbale ya Yohane. Kwa dokotala sindinapite, ngakhale ndimagwira ntchito pakati pa manesi tsiku ndi tsiku, chifukwa ndinkaopa kuti akangotchula mawu amenewo basi zikhala zoona. Ndinapemphera, ndinasala kudya, ndinadzoza miyendo mafuta, koma mwendo unkangoponyabe.

Tsopano mukudziwa mmene timachitira ife Amalawi pa maliro, ngakhale kuno kutali. Wina akamwalira, kaya kuno kaya kumudzi, timasonkhana kunyumba kwa namfedwa. Amuna amachotsa mipando pabalaza, akazi timayala zofunda pansi, timaimba, timaphika, ndipo timagona pomwepo mothinana mpaka maliro ataikidwa. Kupereka chipepeso n'kwabwino, koma chimene anthu amakumbukira n'chakuti ndani anagona. Ine ndinali nditasanduka munthu amene sangagone pakati pa anthu.

Amene ndinawalakwira koyamba anali Mayi Kachingwe a ku Indianapolis. Mayi amenewa kwawo ndi kufupi ndi kwathu, ankadziwana ndi mayi anga, ndipo ndi amene anandisunga m'nyumba mwawo chakufupi ndi msewu wa Lafayette pamene ndinangofika kumene ku America. Anandiphunzitsa kukwera basi, anandipatsa jekete yanga yoyamba ya nyengo yozizira, anandifunira ntchito. Amuna awo atamwalira ndinapita, ndinaphika, ndinaimba mpaka mawu kusasa. Koma nditaona azimayi ayamba kuyala mabulangete, mantha anandigwira. Ndinaona m'maganizo mwendo wanga ukumenya munthu, nyimbo zikuduka, maso onse ali pa ine. Ndinatenga chikwama mwakachetechete, koma Mayi Kachingwe anandiona ndili pakhomo.

"Esinati, iwenso ukupita?"

"Ndili pa shifiti mawa, anti. Andikaniza ofu."

Anangoyang'ana pansi, ine n'kutuluka. Kunalibe shifiti iliyonse. Ndinayendetsa galimoto ulendo wonse wobwerera ku South Bend ndikulira, n'kukafika m'nyumba yopanda munthu kukadzidzimuka ndekha.

Maliro ena atachitika ndinachita chimodzimodzi, ndipo anthu anayamba kuyankhula. Sindikuwadzudzula, chifukwa chimene ankaona ndi mtsikana amene wapeza ntchito yabwino n'kuyamba kunyansidwa ndi kapeti ya anzake. Tsiku lina ndili mu shopu ina pa Lafayette, ndikusankha ufa ndi usipa, ndinamva azimayi awiri a kwathu akuyankhula kuseri kwa shelefu. Mmodzi anati Esinati amakhuza maliro ngati akugula buledi, kulowa n'kutuluka. Winayo anati musiyeni, tsiku lake lidzafika, adzagona ndi makoma. Ndinasiya ufa uja pomwepo n'kutuluka. Kuyambira pamenepo ku Indianapolis ndinasiya kupitako, pa gulu lathu la pafoni ndinatulukapo, ndipo kutchalitchi ndinkafika mochedwa n'kutuluka nyimbo yomaliza isanathe.

Nyengo yozizira ya chaka chimenecho sindifuna kuikumbukira. Ku South Bend sinowo ikayamba imagwa ngati yalipidwa, ndipo dzuwa limatha masabata osaoneka. Ndinaonda, ndinkaiwala makiyi mufiriji, ndinkapsa mtima ndi agogo osalakwa amene ndinkawasamalira. Mayi anga akaimba foni n'kufunsa chifukwa chimene maso anga alowera, ndinkati ndi netiweki. Ndinafika pokwiya ndi Mulungu. Ndinkamufunsa kuti tulo, timene ngakhale galu amagona osapempha, n'chifukwa chiyani ine ndikuchita kutipempha ndi misozi osapatsidwa. Masiku ena ndinkakhala m'mphepete mwa bedi n'kumaganiza kuti ndikadzafa muno, adzandipeza ndi eni nyumba pobwera kudzafunsa za fungo. Sindinkaona potulukira, ndipo ndinasiya kuyembekezera kuti pali potulukira.

Ndiyeno tsiku lija azimayi aja analinena linafikadi. Mchimwene wanga Yamikani anaimba foni ndikungoweruka kumene, n'kundiuza kuti mayi atisiya. Anadwala masiku ochepa chabe. Mapepala anga okhalira m'dziko lino anali asanatuluke, choncho ndikanapita sindikanabwereranso, ndipo onse kumudzi anati ndikhale. Ndinakhala pansi pabalaza ndili ndi yunifomu, foni ili m'manja, n'kuyamba kuyang'ana mayina. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene ndikanamuimbira popanda manyazi. Ndikanayamba bwanji kuuza Mayi Kachingwe kuti bwerani mudzagone nane? Sindinauze aliyense. Ndinayang'ana makoma anga aja, n'kupemphera pemphero losalongosoka, lopanda ameni. Ndinati Ambuye, za tulo ndasiya kupempha, khalani nato, koma mayi anga asaliridwe ndi makoma okha, nditumizireni munthu mmodzi.

Chakumadzulo belu la pakhomo linalira. Nditatsegula ndinapeza Mayi Kachingwe atamanga mpango wakuda, sinowo ili paphewa, kumbuyo kwawo azimayi atanyamula mapoto ndi mabulangete, ndi azibambo angapo. Uthenga wa maliro unafika kumudzi kwawo, mng'ono wawo n'kuwaimbira. Pakati pa azimayiwo panali ndi mmodzi wa awiri aja a mu shopu. Mayi Kachingwe sanandifunse kuti bwanji sunatiuze. Anandikumbatira, n'kutembenukira kwa azibambo aja kuwauza kuti achotse mipando. Sofa yanga inalowa choimirira kuchipinda, tebulo linapita kukhitchini, nyimbo inayamba, ndipo ndinalira mayi anga monga mwana amalirira mayi ake, pali anthu ondigwira.

Mungaganize kuti apa ndiye mtima unakhala pansi, koma ayi. Tsopano namfedwa ndinali ine, nyumba inali yanga, ndipo kunalibe shifiti yoti ndinamizire. Anandikhazika pakati, azimayi mbali zonse. Ndinatsamira khoma, n'kumadzitsina ntchafu pansi pa chitenje kuti ndisawodzere. Akati gonako pang'ono mwana iwe, ndinkati tulo palibe, iwo n'kumaganiza kuti ndi chisoni. Anthu amene ndinawapempha kwa Mulungu anali atabwera, ndipo ine ndinkangowerengera kuti adzanyamuka liti ndisanachite manyazi.

Tsiku loika maliro, kumudzi kuli masana, kuno kunali kukungocha. Yamikani anagwira foni kumanda kuti tizionera, ife titaunjikana mozungulira kafoni kamodzi. Ndinaona bokosi likutsika, ndinaona dothi lofiira la kwathu, kenako chithunzi chinaima n'kuduka. Pamene netiweki inkabwerera adzukulu anali atayamba kale kukwirira. Zitatha izi mphamvu zinandithera. Chakumasana wina anandipatsa tiyi, ndinamwako pang'ono n'kuika kapu pambali, azimayi akuimba chapansipansi, ndipo sindikudziwa kuti mutu unafika bwanji pakapeti.

Thupi lonse linadumpha. Mwendo unakamenya Mayi Kachingwe m'nthiti, mkono unagunda khoma, ndipo nyimbo inaduka monga mmene ndinkaonera m'maganizo miyezi yonse ija. Nditatsegula maso, onse anali akundiyang'ana. Ndinalibenso mphamvu zonama. Ndinawauza ndikulira kuti ndi zimenezi, zimandichitikira nthawi zonse ndikayamba kugona, mwina ndi khunyu ngati ya Yohane, ndipo amene akufuna kusendera kutali asendere, sindidandaula.

Mayi Kachingwe anasisita nthiti zawo. Yohane ankamudziwa, ndipo ankadziwa mmene ankadyera. Kenako anati, "Ndiye chimene unandisiyira ndekha pa maliro a amuna anga n'chimenechi? Ine chaka chonse ndakhala ndikudzifunsa kuti mwana uja ndinamulakwira chiyani."

Iwo anatambasula dzanja, anatenga kapu yanga ija ya tiyi wozizira, imene ndinali nditamwapo, n'kumwa wonse anthu akuona. Atatero anasendera kufupi, anafunyulula chitenje chawo n'kutifunditsa tonse awiri, n'kuika dzanja pamwendo wanga.

"Kaya ndi khunyu kaya si khunyu, za dokotala tiona mawa. Panopa gona. Ukandimenyanso ndikubwezera."

Wina anaseka, wina anayambitsanso nyimbo. Ndinadzidzimukanso kangapo, sindinama, koma nthawi iliyonse dzanja lija linali pomwepo, ndipo ndinkamva mawu akuti ndili pano, gona. Kenako sindinamvenso kanthu. Ndinadzuka kunja kutada, pakamwa pali dovu, azimayi akupakula chakudya, dzanja la Mayi Kachingwe likadali pamwendo wanga ngakhale iwo eni anali akuliza mkonono.

Sabata yotsatira mmodzi wa azimayi aja, amene ndi nesi, anandiperekeza kwa dokotala. Atandipima anati si khunyu. Anati thupi la munthu limatha kudzidzimuka choncho polowa m'tulo, anthu ambiri zimawachitikira, koma kwa ine zinakula chifukwa cha mashifiti a usiku, khofi wosalekeza ndi nkhawa, ndipo mantha oopa kudzidzimuka ndi amene ankazikolezera. Ndinamufunsanso za khunyu yeniyeniyo, ndipo anandiuza kuti sipatsirana ndipo ili ndi mankhwala. Nditatuluka ndinakhala m'galimoto n'kulirira Yohane, amene anadya yekha moyo wake wonse popanda chifukwa.

Sindikuuzani kuti zonse zinatha, chifukwa umboni wonama sulemekeza Mulungu. Ndinapempha mashifiti a masana, khofi ndinamusiya, ndipo masiku ambiri ndimagona bwino, koma ndikatopa kwambiri mwendo umaponyabe. Mayi anga anapita osadziwa chimene chinkalowetsa maso a mwana wawo. Usiku uja Mayi Kachingwe ankandifuna pa maliro a amuna awo sudzabweranso kuti ndiukonze, ndipo zimenezi zimandipwetekabe. Koma ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero lopanda ameni lija. Ndinapempha munthu mmodzi, Iye anadzaza nyumba, ndipo ananditumizira munthu yemwe uja amene ndinamusiya.

Inu amene muli ndi chinthu chimene mukubisa, kaya ndi matenda amene dzina lake mukuliopa, musachite ngati ine. Pitani kuchipatala mukamve, ndipo uzani munthu mmodzi, chifukwa anthu akapanda kudziwa chifukwa chimene mukuwathawira amadzipezera chifukwa chawo. Ngati mwatopa kupemphera, pempheranibe ngakhale mosalongosoka. Limbani mtima, musadzitsekere.

Mwezi wathawu mlongo wathu wina ku Speedway, kufupi ndi Indianapolis, anataya bambo ake. Ndinanyamula bulangete langa n'kupita. Nthawi yoyala itafika mantha aja anandigwiranso, ndipo ndinaima pakhomo chikwama chili m'manja. Mayi Kachingwe anali atagona kale pakona. Anakweza mutu, anamenya pakapeti pambali pawo, n'kunena kuti, "Esinati, malo ako ndi awa. Nthiti zanga zinazolowera." Ndinaika chikwama pansi, ndinavula nsapato, ndipo ndinagona mpaka kunacha.