Dzina la pa Sutikesi

Pa siteji ya basi ku Old Town, chaka chimene maofesi a boma ankasamuka kuchoka ku Zomba kubwera ku likulu latsopano, Orton Mhango anakhala moyandikana ndi mayi wina wosamudziwa, maso ali pa dzina lolembedwa pa sutikesi yake.

"Pepani mayi, ndinu a Tausi? Dzina limeneli ndimalilemba tsiku lililonse pa kompyuta ya ku ofesi."

"Mumalilemberanji?"

"Anzathu ena, malemu a Sumaila, anasonkhanitsa malamulo ambiri a kompyuta n'kuwapatsa dzina limodzi. Timati fankishoni. Ukangolemba TAUSI, mzere wonse wa manambala umawerengedwa kamodzi. Pakanapanda iwo, bwenzi atandibweza kale kwathu ku Rumphi."

"Anali amuna anga. Ndikubwerera ku Zomba. Makina anu aja ndiwo anali mkazi wamkulu, ine ndinkangofunditsa chakudya."

"Ndiye simudziwa zimene makinawo amanena pomaliza?"

"Amalankhulanso?"

"Mawu ukawatsekera m'mitengero, makina sawawerengera, amangowatulutsa mmene unawaikira. Ntchito ikatha, papepala pamatuluka kuti, 'BASI, WERUKA, TAUSI AKUDIKIRA.'"

"Inu bambo, musandinamize pofuna kunditonthoza."

"Mukafunse mayi a kunyumba kwanga. Amakuthokozani osakudziwani, chifukwa masiku ano ndimafika dzuwa likadalipo."

"Nanga eni akewo bwanji sankamvera?"

"Anali akadamanga mafankishoni ena, mayi. Ankachedwa iwo kuti enafe tisamachedwe."

Basi ya ku Zomba inafika, anthu n'kuyamba kukankhana pakhomo. Mayiyo sanaimirire.

"Zikomo, bambo. Mawa mukalemba dzinalo, mudzang'ambe kapepalako mundibweretsere pompano. Basi ndikwera ya mkuja."