Andigulira Magalasi

— Halo? Halo, ndiwe mdzukulu wanga?

— Ndine, agogo. Mwaswera bwanji?

— Ndaswera, kaya iwe? Chifuwa chija chinatha?

— Kalekale. Nanga miyendo yanu?

— Ilipo. Kuchipatala kwanuko uzisamba m'manja, wamva? Ndipo foni usamaionetse pamsewu, adzakutsomphola.

— Ndamva. Koma mukunong'oneranji?

— Ndili kuchipinda. Ndakhoma chitseko.

— Kwalowa akuba?

— Bola akuba. Ndi a gulu lathu la mabuku. Mwezi uno msonkhano uli kwathu kuno. Adzaza pabalaza, mpaka atelala akhalira ndowa.

— Ndiye mwathawa alendo anu? Bukulo ndinakuwerengerani lonse pafoni, agogo.

— Nkhaniyo ndikuidziwa kuposa onsewo. Suja ndinanena kuti mtsikana uja asakwere galimoto ya mlamu wake? Wakwera. Waona zamuchitikira?

— Ndi buku chabe.

— Buku chabe! Anthu amasowa choncho. Halo? Halo?

— Ndilipo, ndi netiweki.

— Tamvera, mayunitsi ndi ochepa. Lamulo lathu ukulidziwa. Mwini nyumba ndiye amatsegula msonkhano, amawerenga tsamba loyamba mokweza.

— Si mumati maso akuvuta? Ulendo watha aphunzitsi opuma pantchito aja anakuwerengerani.

— Zaka ziwiri ndakhala ndikunamizira maso. Lero andigulira magalasi.

— Ayi!

— Okulunga m'pepala la maluwa. Kuwomba m'manja. Mayi wa kusaluni uja mpaka misozi. Ati lero timve mawu a agogo. Ukuseka?

— Sindikuseka.

— Ndakumva m'mphuno.

— Pepani. Mwawavala?

— Ndavala. Ndikuona zonse, ngakhale kangaude kudenga. Zilembozo zanenepa ngati nyerere zokhuta, koma sizikundiuza kanthu.

— Nenani kuti mutu ukuwawa.

— Pali wogulitsa mankhwala uja, mapiritsi ali m'chikwama. Andimwetsa, kenako andipatsa buku.

— Tulukirani pawindo.

— Iwe! Pali zitsulo. Ndinaikira akuba, lero zatsekera mwini nyumba. Tandiwerengera tsambalo msanga, ndilisunge m'mutu.

— Buku lili kunyumba, agogo. Ine ndili pantchito, ku wodi.

— Sukukumbukira mmene likuyambira?

— Ndi mvula, ndikhulupirira. Kapena pa depoti ya basi...

— Sukulu yonse ija!

— Agogo, ingowauzani zoona.

— Ine? Ine amene ndinatsutsa aphunzitsi pamaso pa anthu, kuti mutu wachitatu sanaumvetse? Aziti nkhalamba ija inkatipusitsa.

— Simunawapusitse. Mumamva nkhani kuposa iwo.

— Akandichotsa ndizicheza ndi ndani? Chimwalirireni agogo ako aamuna, pabalaza paja sipanamvekepo phokoso lotere. Mwezi wonse ndimadikira tsiku limeneli.

— Sangakuchotseni.

— Anthu ukuwadziwa iwe? Amasekerera pamaso, kumbuyo... Khala chete. Akugogoda.

— Ndani?

— Aphunzitsi. Ati tiyi akuzizira, onse atsegula kale mabuku.

— Agogo, adokotala akundiitana. Ndiimbanso...

— Usadule! Usayankhulenso. Ungokhala pomwepo, ndizikumva ukupuma.

— Ndilipo.

— Kiyi uja ndaika pati... eya. Aphunzitsi, lowani nokha, bwezani chitseko. Ayi, sindikudwala. Magalasiwa ndi abwino zedi, zikomo. Koma khalani pansi kaye, apo pabedi. Si maso, aphunzitsi. Ine pakhomo pa sukulu sindinapondepo.

— Agogo? Akuti bwanji? Halo? Agogo!