Akamwini Anga Anandiyesa Chivindikiro cha Petulo

Inu a pawailesi, iyi muiwerenge mokweza kuti akamwini anga amve, poti mwambo sundilola kuwakalipira pamaso.

Bambo amenewa ali ndi pikapu yakalekale ya matola kuno ku Chiradzulu. Atawotcherera mabenchi kuti azilongeza anthu ambiri, pothirira petulo panatsekeka. Ndiye anaboola pena, mkati momwe mokhala anthumo, n'kutsekapo ndi chitsononkho, pamwamba pake n'kuyalapo saka. Apolisi apamsewu anali atawachenjeza kuti lamulo limafuna pothirira pakhale kunja, pakhale ndi chivindikiro, ndipo galimoto ikayesedwe kaye. Iwo osamva!

Tsiku lina ndinakwera kuti ndikazonde wodwala ku Nguludi. Mwana wanga, mkazi wawoyo, anandinong'oneza kuti, "Amayi, akuti mukhale pasakapa. Apolisi sadzutsa agogo."

Ndinakhaladi. Tikagunda bampu, petulo ankatumphuka, chitenje chonse chinanyowa, ntchafu zikuwotcha ngati ndakhalira tsabola. Tinali titadzazana, ena ali ndi makanda kumbuyo. Ndikucheuka, mkulu wina wamaliza kupichira fodya, machesi ali m'manja.

"Achimwene, mukufuna tipsere limodzi?" Ndinawatsomphola machesiwo.

Titaima pa rodibuloko ndinadzuka ndekha, n'kuvundukula saka lija. "Bwana, tabwerani muone pomwe andikhazika!"

Galimoto ija apolisi anailetsa kuyenda. Lero ili pansi pa mtengo wa mango, nkhuku zikuikiramo mazira. Mwana wanga sandilankhula, akuti ndawachititsa manyazi. Manyazi? Nanga makanda aja akanapsa?

Akamwini, ndikudziwa mukumvera. Bwezerani pothirirapo kunja. Mukadzabisanso ndi saka, ndidzakwera dala, ndipo ndidzadzukanso.