Achimwene Anasiya Kulondola Mipando Yawo

Malemu achimwene anga, amene tabwera kudzawaperekeza lero, anabadwa pa 14 Ogasiti 1953. Anali oyamba m'banja la ana asanu, ndipo ine ndaima panoyu ndine mzime. Abusa, akulu a mpingo, abale ndi anansi, banja lasankha ine kuti ndinene mbiriyi, ndipo alamu anga andilangiza kuti ndisaikometsere. Ndiye mundipirire.

Sukulu anayamba mu 1960. Mutu unalipo ndithu, koma bambo athu atamwalira mu 1968, anasiyira panjira n'kukalowa ntchito kwa mmisiri wa matabwa kuti enafe tidye. Yunifolomu yanga yoyamba anagula ndi iwowa. Ndayamba ndi zimenezi dala, kuti zikubwerazi musazimve ngati ndikunyoza mkulu wanga.

Pa 10 Juni 1978 anamanga banja ndi alamu anga akhala apawa. Pa ukwatiwo alendo ambiri anaimirira chifukwa chosowa pokhala. Mkwati wina akanachita manyazi, koma achimwene anaonapo bizinesi. Anayamba kukhoma mabenchi n'kumabwereketsa pa maukwati ndi pa maliro. Pofika 1990 anali ndi shedi kuseri kwa nyumba, yodzaza mpaka kudenga: mipando yapulasitiki yosanjikizana, matenti, mbale, mapoto akuluakulu. Anagula lole n'kulemba adalaivala, amene akhala nawo mpaka chaka chino. Dzina lawo lenileni linatsala pa khadi la ubatizo, tonse tinkangoti a Mipando.

Kagwiridwe kawo ka ntchito mukukadziwa. Katundu ankachoka Lachisanu, Lolemba n'kubwerera, kaya kugwe mvula. Iwo ankakhala kutsogolo kwa lole pambali pa adalaivala, ndipo mpando uliwonse ankautembenuza n'kuugwedeza miyendo usanakwere. Pamenepa panalibe chibale. Mwana wanga atakwatiwa, lole inafika Lolemba apongozi anga akumwa tiyi pakhonde, ndipo anawaimiritsa kapu ili m'manja.

Mu 2009 abusa amene analipo nthawi imeneyo analalikira za chuma. Anati munthu akhoza kusunga malamulo onse, osaba, osanama, koma Ambuye akamuitana n'kupezeka kuti mtima wake anautsekera pamodzi ndi katundu. Achimwene anabwera kunyumba nkhope ili gwa, chakudya osachikhudza. Anauza alamu anga kuti ulalikiwo unali wawo, ndipo akuopa kufa katunduyo atawagwirabe. Mantha amenewo ndi amene takhala nawo pakhomo pano zaka zonsezi.

Sanazengereze ayi. Sabata yomweyo anapereka mabenchi kwa ana a Sande sukulu, ife n'kuyamika Mulungu. Koma Lolemba m'mawa lole inali itaima pa geti la tchalitchi. Iwo ankati angopita kukaona ngati mabenchiwo aikidwa bwino. Atapeza limodzi lasiyidwa padzuwa, mtima unawapweteka, nakweza onse kuti akawasunge pabwino. Zinatero ndi tenti imene anapatsa amayi oyendera odwala, zinateronso ndi mbale za ana amasiye. Pali poto wamkulu amene anapatsa mayi wamasiye woyandikana nafe. Poto ameneyo anayenda ulendo wopita ndi wobwerera mpaka mayiwo analeka kumulowetsa m'nyumba, ankangomusiya pakhonde kuti adalaivala asavutike kugogoda.

Ndikuona ena mukuseka. Sekani, inenso ndinkaseka, ndipo nthawi zina ndinkawakalipira kuti akutichititsa manyazi m'dera lonse. Koma m'nyumba munalibe kuseka. Akatsitsa katundu uja m'shedi, ankakhala pansi n'kulira ngati mwana. Mu 2015 anasiya kudya mgonero, akuti sangayandikire gome la Ambuye ali munthu wopereka ndi dzanja ili n'kulanda ndi dzanja linalo. Alamu anga anaonda nazo. Anandiuza kuti imfa ya amuna awo sakuiopa, chomwe akuopa n'chakuti iwapeze ali chonchi.

Abusa athu alipowa anayesetsa. Anawauza kuti chipulumutso sichigulidwa ndi mipando, ndi mphatso ya chisomo, ndipo ngakhale shediyo itatsala mbee sindiye kuti munthu walipira khomo lakumwamba. Achimwene anavomera kuti zimenezo akuzidziwa bwino. Anangowonjezera kuti akudzidziwanso okha: Ambuye atawaitana Lolemba m'mawa, iwo akhoza kuwapempha kuti adikire kaye lole ibwere. Abusa anangowagwira dzanja n'kupemphera.

Mu Januwale chaka chino anayamba kudwala mtima. Miyendo inatupa, kupuma kunkavuta, ndipo anagonekedwa m'chipatala kangapo. Mu Meyi anaitana ana awo n'kuwauza kuti agawe zonse za m'shedi, kumipingo, kusukulu, kumabanja ovutika, osasiyamo ndi sipuni yomwe. Anawo anagawa ndithu, koma monyinyirika, poti ankadziwa kuti misana yawo yomweyo ndi imene idzasenzenso katunduyo pobwerera.

Lolemba linafika. Achimwene anadzuka, navala jekete, nalamula kuti tiwanyamule tikawakweze m'lole. Nsapato zinakana kulowa, anapita ndi masokosi. Alamu anga anangokhala pa sitepe ya khitchini atagwira tsaya, ine mtima unandithera. Tinawakweza, adalaivala n'kuliza injini. Achimwene anakhala nthawi yaitali atagwira chitseko, akuyang'ana kugeti, thukuta lili kamukamu. Kenako anatembenukira kwa adalaivala n'kunena mawu amene ndiwabwereze monga momwe anawanenera: “Lole iyi ndi yanu kuyambira lero. Nditsitseni, muichotse pakhomo pano tsopano lino. Ndikakutumizirani uthenga kuti mubwere nayo, musabwere.”

Ndipo uthengawo anatumizadi, sindibisa. Anatumiza sabata yotsatira, anatumizanso ina. Adalaivala anabwera wapansi, nagwada pafupi ndi bedi misozi ili m'maso, nakana. Kwa zaka zonse zija anali asanawakanirepo kanthu abwana awo. Achimwene anakwiya, anatembenukira kukhoma. Koma pambuyo pake sanafunsenso. Lolemba linayamba kumadutsa iwo osadziwa n'komwe kuti ndi tsiku lanji. Ankapempha kuti tiwakhazike pakhomo la shedi yopanda kanthu ija, n'kumaonerera zidzukulu zikusewera mpira m'katimo, akuseka mpaka kutsokomola. Mu Julayi anaitana abusa n'kulandira mgonero kuchipinda kwawo, alamu anga ali pambali.

Anatisiya pa 3 Okutobala 2024 masana, m'chipatala, dzanja lawo lili m'manja mwa akazi awo. Ine ndinalipo. Mantha aja sindinawaone pankhope pawo. Kuweruza n'kwa Mulungu, ine sindingalowerere, koma ndinene poyera kuti ngakhale ndikulira, mtima wanga wapepuka. Alamu anga nawonso atero, ndipo andilola kuti ndikuuzeni.

Malemu asiya akazi awo, ana anayi, zidzukulu zisanu ndi ziwiri, mlongo wathu mmodzi ndi ine. Banja likuthokoza madokotala ndi anamwino amene anawasamalira, abusa ndi amayi a mpingo amene sanatope kubwera kudzapemphera, komanso adalaivala chifukwa cha kukana kuja. Tikuthokozanso inu amene mutamva za zovutazi munazindikira msanga kuposa ife eniake kuti pakhomo pa a Mipando palibe pokhazika alendo, ndipo munasenza mipando, matenti ndi mapoto n'kubwera nazo osapemphedwa.

Koma ndili ndi pempho, ndipo ndikulinena mwamphamvu. Ndamva ena akunong'onezana kuti zinthuzi azisiya konkuno zithandize alamu angawa. Ayi, chonde. Alamu anga akuti pasatsale ndi mpando umodzi womwe. Munthuyu anavutika kwambiri kuti zinthuzi zichoke m'manja mwake, musatibwezere. Mwambo ukatha aliyense anyamule zake. Ndati zake.

Achimwene, kunja kulibenso chanu choti mukalondole. Usani mumtendere.