Chimtali cha m'galaja

Moni omvera nonse. Ndine mtsikana wa kusekondale, ndimakhala ndi amayi anga ku Sunnyside, kuno ku Joni. Ndimalakalaka kudzakhala mtolankhani wa zaluso ndi chikhalidwe.

Lamulungu lililonse amayi ndi anzawo ogwira ntchito za m'nyumba amavina chimtali m'galaja ya pansi pa fulati yathu, akuimba ndowa m'malo mwa ng'oma. Ndinalemba nkhani yawo n'kuwajambula ndi foni. Aphunzitsi anaikonda, nati aitumiza kumpikisano wa atolankhani achichepere, koma malamulo ake amafuna chithunzi ndi mayina a ovinawo.

Nditawaonetsa amayi chithunzicho, anagwira pakamwa.

"Mwana iwe, mwa azimayi onsewa ali ndi mapepala ndani? Ukufuna apolisi atipeze titamanga zitenje m'chiuno?"

"Koma Amayi, mwaoneka bwino kwambiri."

"Ndaona. Fufuta."

Ndinafufuta iwo akuyang'ana. Fomu ya mpikisano ikadali m'chikwama. Aphunzitsi amandifunsa m'mawa uliwonse, ine n'kumangoti ndaiwala, chifukwa zoona zake sindingazinene.

N'chifukwa chake ndalembera kuwailesi, komwe safunsa nkhope kapena dzina. Omvera, mungodziwa kuti pagulu lonselo palibe wovina ngati amayi anga.